Lonjezo la riferendamu limasuntha mavoti a kuti?

Pa 23 Januwale 2013, David Cameron, nduna yaikulu ya dzikolo panthawiyo, adauza anthu a ku Britain kuti chipani chake cha Conservative chikapambana chisankho cha 2015, adzaitanitsa riferendamu chaka cha 2017 chisanathe, kuti anthu asankhe kukhalabe kapena kutuluka mu European Union (EU). Pa 7 Meyi 2015 chipanicho chidadutsadi mipando 326 yofunika kuti chilamule chokha m'nyumba ya aphungu 650. Ambiri amangolumikiza ziwirizi, ati lonjezo ndilo lidapambanitsa. Masamu ake sakuvomereza msanga chotero.

Wofuna kulosera zotere ayambe waiwala kaye mavoti a dziko lonse. Ku Britain dera lililonse limatulutsa phungu mmodzi, ndipo wotsogola ngakhale ndi voti imodzi ndiye watenga mpando. UKIP, chipani cha Nigel Farage chofuna kuti Britain ituluke mu EU, idapeza mavoti pafupifupi 3.9 miliyoni mu 2015, koma phungu mmodzi yekha, wa ku Clacton. Choncho funso nlakuti mavoti amene lonjezolo lakoka ali m'madera ati.

Tengani madera okhawo amene zipani ziwiri zikuluzikulu zidasiyana pang'ono. Pa dera lililonse lembani manambala awiri: kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri, ndi mavoti a kachipani kamene kakufuula za riferendamu. Tiyerekeze kuti Labour ili ndi 18,000, Conservative 17,200, UKIP 4,000. Kusiyana ndi 800. Munthu mmodzi mwa anayi alionse a UKIP akabwerera ku Conservative, ndiye mavoti 1,000, mpando wasintha mwini. Akabwerera mmodzi mwa khumi, ndi 400 basi, palibe chachitika. Pakati pa manambala awiriwa mpamene pagona kulosera konse, ndipo apa mpamene olosera ambiri amangosankha nambala yowakomera.

Cholakwika chachikulu ndi kuganiza kuti ovota onse a UKIP adali a Conservative okwiya. Ena, makamaka kumpoto kwa England, adachokera ku Labour, yomwe pansi pa Ed Miliband idakana kulonjeza riferendamu yotereyo. Ku Morley and Outwood, Ed Balls wa Labour adagwa ndi mavoti 422 okha, UKIP itatenga oposa 7,000. Pamenepa amene adathandiza Cameron ndi anthu omwe sadamumvere n'komwe, adangokhala ku UKIP n'kusiya Labour ili yofooka. Kutereku nkhani ya riferendamu idagwira ntchito, koma podzera khomo la kuseri.

Kenako pali chikhulupiriro. Lonjezo limasuntha munthu yekhayo amene akhulupirira kuti lidzachitika, ndipo a ku Britain adali atanamizidwapo kale. Mu 2004 Tony Blair wa Labour, ali nduna yaikulu, adalonjeza riferendamu pa malamulo aakulu a EU, nkhani n'kuzilala France ndi Netherlands atawakana mu 2005. Cameron yemweyo mu 2007 adalonjeza motsindika riferendamu pa pangano la EU la Lisbon, n'kubweza mawu mu 2009. Nchifukwa chake UKIP sidafote ndi lonjezo la 2013: chaka chotsatira idakhala yoyamba ku Britain pa chisankho cha aphungu a ku European Parliament. Komanso lonjezolo lidali ndi "ngati" wake. Kafukufuku wambiri ankasonyeza kuti palibe chipani chidzalamule chokha, ndipo wovota wochenjera ankadziwa kuti m'boma la mgwirizano malonjezo amagulitsidwa pa tebulo.

Ndikayang'ana kumene mipando yatsopano idachokera, ndimaona kuti Ulaya sadali mwini nkhani. A Liberal Democrat adatsika kuchoka pa mipando 57 kufika pa 8, ndipo yoposa 20 mwa iyo idapita ku Conservative. Ku Scotland SNP, chipani chofuna kuti Scotland idziimire payokha, idasesa 56 mwa 59, ndipo a Conservative adagwiritsa ntchito mantha a boma la Labour lodalira SNP pokopa a ku England. Lonjezo la riferendamu lidatseka pang'ono mpata umene mavoti ankadonthera ku UKIP, monga ku South Thanet kumene Farage mwini adalephera, ndipo lidakhazika pansi aphungu ovuta a m'chipani cha Cameron. M'madera ochepa zimenezo zidakwanira.

Ngongole idabwera pa 23 Juni 2016, tsiku la riferendamuyo: anthu 51.9 pa 100 alionse adavota kutuluka, ndipo m'mawa mwake Cameron adalengeza kuti atula pansi udindo.