Kudutsitsa kosi yatsopano m'makomiti a fakaluti ya zamalamulo

Ndikafuna kuti kosi yatsopano ilowe m'maphunziro a digiri ya zamalamulo, ndimayamba ndi kalendala ya misonkhano ya yunivesite. Ndimapeza tsiku limene Senate, bungwe lalikulu la yunivesite pa zamaphunziro, idzakhale pansi, kenako ndimawerengera chobwerera m'mbuyo. Senate imakumana kangapo chabe pachaka, ndipo pepala lofika kumeneko limakhala litadutsa kale pa msonkhano wa dipatimenti, pa bodi ya fakaluti ndi pa komiti yoona za maphunziro. Msonkhano uliwonse uli ndi tsiku lake lotsekera kulandira mapepala. Mukaphonya limodzi, kosi ikhoza kudikira chaka chathunthu, chifukwa ndandanda wa makosi umatsekedwa ophunzira asanayambe kulembetsa.

Tinene kuti kosi yake ndi ya malamulo oteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta. Woyamba kumuona ndi mkulu wa dipatimenti, ndipo ndimapita ndisanalembe kalikonse kotalika. Iyeyu ndiye amagawa ntchito, kotero funso lake limakhala lakuti aphunzitse ndani. Ndikati ndine, amafunsanso kuti nanga maola amene ndimaphunzitsa kale atenge ndani.

Palinso nkhani ya mwini kosi. Fakaluti zambiri zimagawa madipatimenti potsata nthambi za malamulo: okhudza boma ndi nzika, a pakati pa munthu ndi mnzake, a zamalonda, penanso a kayendetsedwe ka milandu. Kosi yathuyi ili pamalire. Ufulu wa zinsinsi umaphunzitsidwa kale m'kosi ya malamulo oyendetsera dziko, pomwe za makampani osunga mayina ndi manambala a makasitomala zimagwera ku zamalonda. Ndimakambirana ndi akulu a madipatimenti onse awiri mpaka agwirizane, ndipo ndimapempha kalata yachidule kwa amene wavomera kusiya. Si nkhani ya ulemu chabe ayi. Kwambiri chiwerengero cha ophunzira ndicho chimatsogolera bajeti ndi mwayi wolemba aphunzitsi ena, choncho dipatimenti imene ikuona ngati yalandidwa imadzatsutsa pa bodi, wapampando n'kungolibweza pepalalo.

Pepala lenilenilo limalembedwa pa fomu ya yunivesite: dzina la kosi, chaka ndi semesita, ngati ndi yokakamiza kapena yosankha, makosi amene wophunzira ayenera kukhoza kaye, mitu ya sabata iliyonse, kayesedwe ndi mabuku. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa makirediti, muyeso wa kukula kwa ntchito ya kosi. Ku United Kingdom ndi ku South Africa kirediti imodzi imaimira maola 10 a ntchito yonse ya wophunzira, pomwe pa dongosolo la ECTS la ku Ulaya imaimira maola 25 mpaka 30. Potengera maola 10, kosi ya makirediti 12 ndi maola 120. Ngati kalasi ndi ya maola 3 pa sabata kwa masabata 13, amenewo ndi maola 39 okha. Otsala 81 ndiyenera kuonetsa kumene akupita: kuwerenga zigamulo za makhoti, kukonzekera zokambirana za m'magulu, kulemba asayimenti, kukonzekera mayeso. Wolemba maola a m'kalasi okha amabwezedwa.

Makirediti a chaka chonse amakhala oikika kale, mwachitsanzo 120 ku United Kingdom kapena 60 pa ECTS, ndiye kosi yokakamiza ikalowa, ina iyenera kutuluka kapena kuchepetsedwa. Pa zamalamulo malo osunthira ndi ochepa kwambiri. Makosi monga a makontilakiti, milandu yaupandu, malamulo oyendetsera dziko, za malo ndi za chipukuta misozi kawirikawiri amafunidwanso ndi bungwe lovomereza anthu kuyamba ntchito ya uloya, ndipo fakaluti ikawakhudza mwachisawawa, omaliza maphunziro akhoza kukakanidwa kumeneko. N'chifukwa chake ndimapempha kuti kosi yatsopano iyambe ngati yosankha.

Pa zimene wophunzira adzatha kuchita, mawu akuti "kumvetsa" ndimawapewa, poti palibe mayeso owayezera. Ndimalemba kuti adzatha kulangiza kampani imene zinsinsi za makasitomala ake zabedwa, kapena kulemba dandaulo la munthu wolakwiridwa, ndipo chilichonse ndimachilumikiza ndi funso la mayeso kapena asayimenti. Magawidwe a malikisi pakati pa ntchito ya m'kati mwa semesita ndi mayeso omaliza ndimatenga m'malamulo a yunivesite, osati m'mutu mwanga.

Msonkhano wa dipatimenti ukatha, ndimawerenga maminitsi asanatumizidwe. Ayenera kunena kuti dipatimenti yavomereza. Akangoti yakambirana, mlembi wa bodi salandira pepala. Ndimaonanso ngati anthu anakwana quorum, chiwerengero chofunika kuti msonkhano ugamule zinthu, chifukwa chogwirizana cha msonkhano wosakwana chikhoza kufafanizidwa wina aliyense akadandaula.

Bodi ya fakaluti wapampando wake ndi Dean, mkulu wa fakaluti, ndipo mumakhala aphunzitsi, oimira ophunzira, kawirikawirinso woimira laibulale. Wa laibulaleyu musamuderere. Akanena kuti mabuku amene mwalemba kulibe ndipo ndalama zogulira sizinaikidwe, nkhani imaima pomwepo, choncho ndimamutumizira mndandanda wa mabuku msonkhano usanafike. Bodi ikhoza kuvomereza, kubweza, kapena kuvomereza koma n'kulamula zokonza. Ikasankha chachitatuchi, ndimapempha pomwepo kuti maminitsi anene kuti Dean wapatsidwa mphamvu yotsimikiza zokonzazo m'malo mwa bodi. Popanda chiganizo chimenechi, ndiye kuti ndidikira msonkhano wotsatira.

Ku komiti ya zamaphunziro kumakhala anthu a masamu, a zaumoyo, a zaulimi. Safunsa za malamulo. Amaona ngati fomu yadzazidwa bwino, ngati kosi yofanana nayo kulibe kale ku fakaluti ina monga ya zamakompyuta, komanso ngati katswiri wa kuyunivesite ina waiwerenga n'kulembapo maganizo ake.

Ku Senate, kumene m'mayunivesite ambiri wapampando ndi Vice-Chancellor, mkulu woyendetsa yunivesite, ine sindilowako ngati sindili membala. Woyankhulira kosi ndi Dean, kotero ndimamulembera tsamba limodzi la mafunso amene angabwere ndi mayankho ake. Senate ndiyo mwini mphamvu pa zamaphunziro. Khonsolo ya yunivesite imaona za ndalama, katundu ndi antchito, ndiye kosi imodzi nthawi zambiri siifikako pokhapokha ikufuna kulemba mphunzitsi wina.

Senate ikavomereza, ndimatsatira ku ofesi ya Registrar kuti kosi ipatsidwe nambala yake, ilowe m'kompyuta yolembetsera ophunzira komanso pa ndandanda wa makalasi ndi wa mayeso. Ndimakumbutsanso mkulu wa dipatimenti kuti apereke dzina la woyesa wakunja, katswiri wosakhala wa yunivesite yathu, semesita isanayambe, chifukwa iyeyu ayenera kuona mafunso mayeso asanalembedwe, ndipo kumene malamulo amafuna ripoti lake, bodi ya oyesa siingatsimikize malikisi popanda ripotilo.