Lamulo losalamula, longonyengerera ndi ndalama

Sabata ziwiri zapitazi ndakhala ndikulimbana ndi mutu wina wa kosi yathu, wokhudza mmene dziko la America limayendetsera milandu ya ana. Ndinauyamba ndi mtima wongoloweza zaka ndi mayina kuti mayeso adutse. Pofotokoza lamulo lalikulu pankhaniyi, Juvenile Justice and Delinquency Prevention Act la 1974, ndinalemba m'kope kuti "zigawo zonse zinaletsedwa kutsekera ana pamodzi ndi akuluakulu." Aphunzitsi anangozunguliza mawu oti "zinaletsedwa" ndi cholembera chofiira, pambali n'kulemba kafunso kamodzi: analetsa ndani?

Ndinakhala nalo funsolo masiku atatu ndisanazindikire kuti palibe analetsa. America ili ndi zigawo 50, chilichonse ndi nyumba ya malamulo yake, makhoti ake ndi ndende zake, ndipo milandu ya ana ili m'manja mwa zigawozo. Boma lalikulu la ku Washington silingauze Texas kapena Arizona kasungidwe ka ana opalamula. Limangoika ndalama patebulo n'kunena kuti wozifuna atsatire zakutizakuti. Ine chinandisocheretsa n'chizolowezi cha kwathu, komwe lamulo likangodutsa ku Lilongwe, monga lija la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, limagwira ntchito kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje.

Nkhani yomwe inandithandiza kumvetsa chifukwa chake Washington inalowererapo ndi ya Gerald Gault, mnyamata wa zaka 15 wa ku Arizona. Mu 1964 mayi wina woyandikana nawo nyumba anadandaula kuti waimbiridwa foni yotukwana. Mnyamatayo anaweruzidwa popanda loya, wodandaulayo osaonekera n'komwe kukhoti, ndipo anatumizidwa kumalo osungirako ana opulupudza kuti akakhaleko mpaka atakwanitsa zaka 21. Munthu wamkulu pa mlandu womwewo akanalipira chindapusa chosapitirira madola 50 kapena kukhala m'ndende miyezi iwiri basi. Khoti lalikulu la dzikolo linagamula mu 1967 kuti mwana nayenso ali ndi ufulu wokhala ndi loya komanso wouzidwa mlandu wake. Koma chigamulocho chinkakhudza za m'khoti. Za komwe mwana akagone usikuwo zinatsalira, ndipo n'zimene senetala Birch Bayh wa ku Indiana anazikankha mpaka pulezidenti Gerald Ford anasaina lamuloli mu September 1974.

Ndalamazo zimadzera ku ofesi yoona za milandu ya ana yotchedwa OJJDP, ya mu unduna wa zachilungamo, ndipo zimagawidwa potengera kuchuluka kwa ana osakwana zaka 18 m'chigawo chilichonse. Chigawo chimalemba pulani ya zaka zitatu n'kuvomera mfundo zinayi. Ziwiri zinalipo kuyambira pachiyambi: mwana asatsekeredwe pa zinthu zomwe sizikanakhala mlandu akanazichita wamkulu, monga kujomba kusukulu kapena kuthawa pakhomo, ndiponso mwana wosungidwa asamaonane kapena kumvana ndi akaidi akuluakulu. Mu 1980 anawonjezera kuti ana achotsedwe m'ndende ndi m'zitokosi za akuluakulu, kupatula maola ochepa, kawirikawiri 6, pomwe apolisi akulemba za mlandu. Yachinayi, yoti chigawo chifufuze chifukwa chomwe ana akuda ndi a mitundu ina yochepa amachulukira m'malo otsekeramo anthu, inalowa mu 1988 n'kulimbitsidwa mu 1992. Chigawo chikalephera mfundo imodzi chimadulidwa 20 peresenti ya ndalama zake, ndipo theka la zotsalazo chiyenera kuligwiritsa ntchito pokonza pomwe chalakwitsapo.

Pomwe ndinachedwa kwambiri ndi pa 1980 pomwepo. Chaka chomwe anatseka khomo lina, anatsegula kazenera. Oweruza anadandaula kuti awamanga manja, ndiye analoledwa kutsekera mwana yemwe waphwanya lamulo la khoti. Taganizirani: mtsikana wajomba kusukulu, sangatsekeredwe. Woweruza akumulamula kuti azipita kusukulu tsiku lililonse. Mawa lake wajombanso, mwina pa chifukwa chomwe chija cha kunyumba chomwe palibe anachifunsa, ndipo tsopano angathe kutsekeredwa, osati chifukwa chojomba koma chifukwa chonyozera khoti. Khalidwe ndi lomwelo, dzina lokha n'lomwe lasintha. Pokonzanso lamuloli mu 2018 sanakatseke kazeneraka, anangoika malire a masiku 7. Kwa ine apa opanga malamulo anachita mantha, ngakhale ndikumvetsa kuti woweruza yemwe akuona mwana akugona m'misewu amafuna kukhala ndi pogwira.

M'kalasi tinatsutsana pa funso loti kodi ndalamazi zili ndi mphamvu ndithu. Mnzanga wina anati ndi nyambo yochepa poyerekeza ndi zomwe zigawo zimawononga zokha poyendetsa makhoti ndi malo osungira ana, ndipo anatchula Wyoming, chigawo chomwe kwa zaka zambiri chakhala kunja kwa ndondomekoyi. Akunena zoona, wokana ndalamazo palibe chomwe angamuchite. Koma ine ndikuona kuti mphamvu yake ili pa kuwerenga. Chigawo cholandira ndalama chiyenera kuyendera ndende ndi zitokosi, kulemba kuti ana alowamo angati, akhalamo maola angati, n'kupereka lipoti. Mkulu wa apolisi wa m'tauni yaing'ono akadziwa kuti kubwera munthu kudzaona kaundula wake, amaganiza kawiri asanagoneke mwana m'chitokosi.

Chinanso chomwe sindinachiyembekezere ndi komiti yolangiza yomwe gavanala wa chigawo chilichonse amasankha. Lamulo limati mwa mamembala ake mukhale achinyamata, komanso anthu omwe anadutsapo okha m'makhoti a ana. Munthu yemwe anagonapo m'kachipinda kotsekedwa ali ndi zaka 14 amakhala patebulo limodzi ndi oweruza pokambirana komwe ndalama zipite.

Chiganizo chija ndachikonza. Tsopano chikuti zigawo zomwe zimalandira ndalama zinavomera kulekanitsa ana ndi akuluakulu. Ntchito yomwe ndipereke Lachisanu ndaisankha kukhala ya kazenera ka 1980, ndipo ndikufuna ndiyambe ndi mbali ya oweruzawo, poti ndi imene sindikugwirizana nayo.