Ndimangofuna pepala lopanda chojambula basi

Tulo takana, nde bola ndilembe za bambo a mushopu ya mapepala a gumbwa kuno ku Iguputo chifukwa akundizungulirabe m'mutu.

Tachoka ku mapiramidi a Giza dzuwa litatiphika zenizeni, achimwene amene akundisunga kuno ku Cairo (amaphunzira ku yunivesite ya Al-Azhar) akuti tiyeni tikaone mmene amapangira mapepala a gumbwa, mwina nkupumako mozizira. Mashopu ake ali mbwee mumsewu ndipo iliyonse imadzitcha malo ophunzirira, koma ukangolowa umaona wekha kuti anthuwa akudikira chikwama chako.

Koma bambowo ntchito amaidziwa, pamenepo ndisaname. Atenga phesi la gumbwa lija la makona atatu, asenda khungu lobiriwiralo, mkatimo ndi moyera mofewa ngati m'kati mwa phesi la chimanga. Adula timizere topyapyala, amenyamenya ndi kanyundo kamtengo, akuti timeneti timaviikidwa m'madzi pafupifupi sabata ndipo ukatisiya nthawi yaitali pepala limatuluka loderako. Kenako ayala tina choimika tina chopingasa pamwamba pake, nkupanikiza. Guluu palibe, utomoni wa chomeracho ndi umene umagwira. Andipatsa lina louma kuti ndiyese kuling'amba, ine kukoka, osatheka aise.

Ine nkuwauza kuti gumbwayu kwathu amangomera yekha m'madambo a kumunsi kwa Shire, ku Elephant Marsh uko. Anandiyang'ana ngati ndikunama, kenako nkuvomera kuti kuno kwawo chomerachi chinali chitasowa mu Nile, luso lake litaiwalika, mpaka Hassan Ragab anadzalidzutsanso m'ma 1960, mbewu kukatenga ku Sudan. Pano akuti wambiri amalimidwa kumudzi wa Al-Qaramous ku Sharqia. Mpaka apa tinali pachibale ndithu, tiyi anabwera.

Zinasokonekera nditanena kuti ndigulitseni pepala limodzi lopanda chojambula.

"M'bale wanga, lopanda kanthu ukatani nalo?" Basi azimitsa magetsi, zithunzi za pakhoma zayamba kuwala mumdima, akuti taona, dzina la mayi ako ndilemba m'zilembo za afarao pompano. Anditulutsira chija chotchuka, mtima wa munthu wakufa uli pasikelo mbali inayo nthenga ya Maat mulungu wa chilungamo, mulungu Anubis wamutu wa nkhandwe akuyang'ana sikelo, mulungu Thoth akulemba zotsatira, kumbuyoko chilombo Ammit chikudikira kumeza mtima ukalemera. Chokongola, sindikukana. Ndinangoti koma chenichenicho, cha mumpukutu wakale wa mlembi wina dzina lake Ani, chili kuti? Anaseka mowawa, akuti kafunse ku London. Ndipo ndi zoona, chili ku British Museum, Mngelezi wina Wallis Budge anachitenga mu 1888, mpukutu wa mamita pafupifupi 24 nkuudula zidutswa 37. Pamenepo ndinawamvera chisoni pang'ono koma pepala langa anakanabe, akuti sagulitsa.

Chimene chimandipweteka nchakuti sanafune nkomwe kumva chifukwa chake. Ine milungu sinditengeka nayo kwenikweni, amene amandisangalatsa ndi Merer, kapitawo wa nthawi ya afarao. Mu 2013 gulu la ofukula zakale la Pierre Tallet linapeza zidutswa za gumbwa ku Wadi al-Jarf, m'mphepete mwa Nyanja Yofiira, ndipo ndi mapepala a gumbwa olembedwa akale kwambiri amene anapezekapo, zaka zoposa 4,500. Ndipo si mapemphero ayi, ndi kaundula wa ntchito wa kapitawo wina, Merer, amene ankayenda ndi anyamata ake pabwato kunyamula miyala yoyera kuchokera ku Tura kupita ku Giza nthawi ya mfumu Khufu. Tsiku lakuti tapakira miyala, tsiku lakuti tanyamuka, tagona pakuti. Basi. Munthu wotopa madzulo, inki yake ya mwaye wosakaniza ndi utomoni, cholembera chake kaudzu, kulemba kuti bwana Ankhhaf asadzafunse kuti munali kuti. Mmawa womwewo ndinali nditaimirira pansi pa piramidi yomwe ankaitutira miyalayo, nde ndimafuna nanenso ndilembe za tsiku langa papepala ngati lakelo, ndione ngati inki imayenda bwino kaya imakodwa m'mizere muja.

Ndinayesa kufotokoza, achimwene akumasulira m'Chiarabu koma ndikuganiza amadula zina chifukwa ziganizo zanga zitalizitali zimatuluka mawu atatu. Bambo aja akuti alendo safuna za kapitawo, amafuna mfumukazi Nefertiti ndi mfumu Tutankhamun. Mwina akunena zoona, iwo ndi amene amakhala mushopumo tsiku ndi tsiku, koma mxii.

Mwina vuto ndi ine ndemwe, masiku ano chilichonse chikumandikwiyitsa msanga, chakudya chakuno sichikundikhala, nsima ndinaiona kalekale, kunyumba akangoimba foni ndi nkhani ya ndalama, ngati kuti kukhala kunja ndiye kuti ukutola pansi.

Potuluka achimwene akuti ndawachititsa manyazi, munthu wakumwetsa tiyi sutuluka chimanjamanja. Ine ndati achimwene, ndalama ndinatulutsa, iwowo ndi amene akana. Chodabwitsa, pakona pomwepo iwo agula kachithunzi kwa kamnyamata ka mumsewu motchipa kwambiri, ndipo panopa ndakayang'ana pa getsi mizere yopingasa ija sindikuiona bwinobwino, kakuthetheka m'mbali. Bambo aja anatichenjeza kuti za mumsewu zambiri ndi masamba a nthochi. Sindinawauze, asangalala nako akuti nka alamu.

Ndawafunsa ngati tingapite ku Al-Qaramous Lachisanu, kumeneko alimi sangandikanize pepala lopanda kanthu. Akuti nkutali komanso Lachisanu ndi la Juma, tidzaona. "Tidzaona" wa achimwene ndimamudziwa ine, nde kaya, mwina ndingofunsa wa pa takisi mawa ndikaweruka