Kanema wa ku Kalk Bay uja, imvaninso mbali yanga

Popeza alamu anga amwaza kale kanema uja pa WhatsApp, ndipo ena mwayamba kunditchula "Pepani Bambo", lekani ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wanu.

Ine ndine mwana wa ku Senga Bay. Ndinadziwa kupalasa bwato ndisanadziwe kulemba dzina langa, ndiye pa nkhani ya madzi munthu asandiphunzitse. Titatsika sitima ya ku Simon's Town pa Kalk Bay, ku Cape Town, ndinalowa padoko chifuwa patsogolo. Ndinagula nsomba ya snoek yaitali kuposa mkono wanga, nditanenerera mpaka mayi wogulitsayo anatopa nane, n'kuiika mu jumbo.

Chingwe cha nsapato chinamasuka. Pambali panga panali chimulu chakuda, chonyowa, ine n'kumati ndi makoka awaunjika asodzi. Ndinasanjikapo jumbo yanga, n'kutsamirapo ndi dzanja.

Makoka aja anapuma.

Anadzutsa mutu. Anali ndi ndevu, abale anga, ndevu zenizeni, ndi maso akuluakulu amisozi. Seal yamphongo, nyama ya m'nyanja yamchere, mtundu uja umapitirira makilogalamu 200. Tinayang'anizana. Mu kanemamo zikuoneka ngati kanthawi kochepa, koma ine ndinali pomwepo: dzuwa linasuntha. Ndinawerenga ndevu zake imodziimodzi. Ndinakumbukira ngongole zanga zonse, ndi za amalume zomwe. Iyo inanunkhiza jumbo, n'kundinunkhiza ine, n'kubwerera ku jumbo, ngati wapolisi wa pa Mwanza wosakhutira ndi pasipoti. Kenako inayasamula. Fungo la m'kamwamo ndikulimvabe mu jekete mpaka lero.

Pamenepo m'pamene ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Pepani bambo." Inu mukuseka, koma kwathu anatilera kuti ukadzutsa wamkulu ali mtulo umapepesa. Ulemu suona mtundu. Komanso mawu opyapyala akumveka aja si anga, foni ya alamu ndi yakale.

Zoti ndinathawa ndi bodza. Ndinangopereka mpata mofulumira. Vuto n'lakuti mpatawo ndinaupereka molunjika pa chikhoma chotchinga mafunde chija, chimene chimathera pa kansanja kofiira ndi koyera kowunikira mabwato. Kupitirira apo ndi nyanja ya False Bay basi. Azungu owedza ndi mbedza ankandikuwira, ine n'kumati akundichemerera liwiro. Kani amanena za funde. Linadumpha chikhoma chonse n'kundipeza kukamwa kuli yasa. Kwathu funde likakumenya umameza n'kupitiriza ulendo. Ili ndi la mchere, lozizira mpaka m'mafupa, ndipo linanyamuka ndi chipewa changa chija, komanso nsapato ya chingwe chomasuka ija.

Alamu nthawi yonseyi foni m'mwamba, akungoti, "Alamu, tayang'anani kuno!" Munthu amene ndinamulipirira tikiti.

Ndikubwerera, ndikutsimphina ndi sokosi imodzi yodontha, ndinapeza bambo aja atameza snoek yanga, agonanso pamalo pomwe paja. Jumbo yokha anandisiyira. Mayi wogulitsa uja anandifunsa ngati ndikufuna ina, koma mtengo wonenerera anati watha.

Usiku tinadyera nsima mazira. Aliyense wopita ku Simon's Town, mukaona nsapato yakumanzere ya sayizi 9 ikuyandama, ndi yanga.