Tinapita ku Chikale kukasambira, tinangodya batala

Loweruka tinanyamuka ku Mzuzu mvula itagwa usiku wonse. Ku Nkhata Bay ndi pafupi, makilomita pafupifupi 50 pa M5, koma kondakitala anatikwezera mtengo ati mafuta akusowa. Za msewu tisiye.

Pa Chikale ndinali nditavula kale shati pomwe bambo wina wachikulire amene amasoka ukonde pambali pa bwato anandikodola. "Achimwene, mwawaona bwino madziwo?" Anandilozera pomwe kamtsinje kamathira m'nyanja. Madzi a matope anali atalowa mkati ndithu, malire ake ndi madzi oyera akuchita kuoneka, ndipo m'mphepete munali majumbo, makoko a chinangwa, ndi pampasi ya mwana ikuyandama. Ati mvula ikagwa chonchi zonse za kumtunda zimatsikira kuno, zimbudzi zokumba zikasefukira nazonso njira yake ndi yomweyi, mukamwera pang'ono mawa ndi kutsekula m'mimba, ena makutu kutuluka mafinya. "Mubwere Lachiwiri, adzakhala atadikha." Kenako anabwerera ku ukonde wake ngati sanayankhule kanthu.

Mnzanga anayamba makani, ati nyanja yaikulu chonchi ingade ndi mvula ya usiku umodzi? Ndinamukumbutsa kolera ya 2022 mpaka 2023 yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Nkhata Bay inali m'maboma omwe anavutika kwambiri. Ngakhale ku Durban, nyanja yamchere yeniyeni, madzi atasefukira mu Epulo 2022 anatseka magombe chifukwa zonyansa za m'masuweji zinalowa m'nyanja. Ku California anthu osewera pa mafunde amauzidwa kudikira maola 72 mvula ikagwa. Bambo aja anangowerenga masiku atatu omwewo ndi maso basi.

Chomwe chimandinyansa ine, pagombe sitinaone chikwangwani chilichonse chochenjeza. Malo ogona amalipiritsa ndalama zambiri koma kukuuza kuti lero madzi sali bwino, ayi ndithu. Ukapanda kukumana ndi msodzi wachifundo ndiye kuti zako zada.

Ngati mwasambirabe, pewani pomwe mtsinje ukuthirira, musameze madzi, ndipo ngati muli ndi bala musalowemo. Pa bango ndi madzi odikha pali nkhono za likodzo, izo sizidikira mvula, mankhwala ake ndi praziquantel.

Ife tinakadya batala wowotcha ndi kondowole, ameneyo ndiye sanatikhumudwitse, kungoti tsabola amachita kuumira.