Masabata 10 ndikupima mphepo

Amayi atamva kuti sindibwera pa tchuthi, anangoti, "Kodi sukulu yakoyo satsekera?" Ndinawauza kuti amatsekera ndithu, koma kuno ku America ophunzira za ndege tchuthi chachitalichi sachidyera pakhomo. Kuyambira kumapeto kwa May mpaka August, pamene ku Kasungu anthu akuwotha moto m'mamawa, kuno dzuwa limaswa mtengo, ndipo aliyense wofuna ntchito akamaliza digiri amakhala ali mu labu kapena pakampani, akuchita kafukufuku.

Ine maso anali pa NASA, bungwe la boma la America loona za maulendo a mumlengalenga, ngati wina aliyense. Usiku wina mu January ndinayamba kudzaza fomu, mpaka ndinafika pa funso la unzika. Panathera pomwepo: malo amenewa ndi a nzika za America. Ndinathamangira ku REU, pulogalamu ya kafukufuku wa ophunzira yomwe bungwe la boma la National Science Foundation lakhala likulipirira kuyambira 1987, koma nakonso amafuna nzika kapena wa green card, chiphaso chokhazikika m'dzikomo. Makampani a maroketi nawo amamangidwa ndi lamulo lotchedwa ITAR. Kumuonetsa mlendo ngati ine zojambula za injini ya roketi, ngakhale tili mu ofesi imodzi, boma limatenga ngati watumiza chinsinsicho kunja kwa dziko. Sindikudandaula, ndalama ndi za misonkho yawo, koma usiku umenewo pasipoti yanga inandilemera m'thumba.

Amene anandidzutsa ndi mkulu wina wa PhD. Anati ndisiye kulira pa intaneti, ndikagogode pa zitseko za mapulofesa. Mayunivesite ambiri ali ndi mapulogalamu awoawo. Wotchuka ndi SURF wa ku Caltech, womwe unayamba mu 1979, pomwe wophunzira amalemba yekha ndondomeko ya kafukufuku wake mothandizidwa ndi mphunzitsi. Ndipo viza yathu ya F-1, yomwe nthawi ya makalasi imatilola maola 20 okha pa sabata, pa tchuthi imalola kugwira tsiku lonse bola ikhale ntchito ya pasukulu. Pa zitseko za mapulofesa zija, chachinayi ndi chomwe chinatseguka.

Labuyo ili m'chipinda chapansi, mopanda zenera. Pakati pali wind tunnel, chimphanga chachitsulo chokhala ndi chifani kumapeto, chomwe chikalira simumvana. Mkati timaikamo kaphiko ka pulasitiki kosindikiza pa makina a 3D, koboola timabowo 16 pamsana. Bowo lililonse lili ndi kachubu kake kopita ku chida chopimira kukankha kwa mpweya. Ntchito yanga inali kupendeketsa phikolo pang'onopang'ono, digiri imodzi imodzi, mpaka mphepo ileke kutsata msana wake. Ikatero, mphamvu yonyamula ndege imagwa mwadzidzidzi. Mapiko aang'ono ouluka mwapang'onopang'ono, ngati a ma drone, amachita zimenezi mosiyana ndi a ndege zikuluzikulu, ndiye apulofesa ankafuna kudziwa malo enieni pomwe mphepoyo imayambira kutaya phiko.

Sabata yachitatu ndi yachinayi, bowo la nambala 7 linkapereka manambala achilendo tsiku ndi tsiku. Kunena zoona, ndinayamba kudzimva. Ndinajambula magirafu, ndikuganiza kale za dzina langa pa pepala la kafukufuku. Mkulu wa PhD uja anangoyang'ana kamodzi n'kufunsa ngati ndinaonako ngati machubu sakutaya mpweya. Ndinatenga madzi a sopo, ndendende mmene amachitira okonza njinga pamsika wa Kasungu akamasaka pomwe chubu chabooka, n'kupaka polumikizira. Pa nambala 7 panatukuka thovu lalikulu bwino. Ntchito ya masabata awiri inapita m'dzala.

Apulofesa sanakwiye. Anaseka nditawafotokozera za okonza njinga, n'kundikumbutsa kuti Wilbur ndi Orville Wright nawonso anali a njinga ku Dayton, ndipo mu 1901 anakhoma wind tunnel yawo ya matabwa n'kuyesamo timapiko pafupifupi 200 asanauluke mu December 1903. Kuyambira tsiku limenelo, botolo la sopo ndinkayamba nalo m'mawa uliwonse, fani isanalire. M'kalasi tinaphunzira masamu onse a mphepo pa phiko, koma palibe anatchulapo sopo.

Chomwe chinkandisunga m'chipinda chija n'chakuti timapiko totere ndinationa kwathu. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera ma drone kuzungulira bwalo la ndege la Kasungu, ndipo ife anyamata tinkatha masana titayang'ana kumwamba. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy. Kumeneko palibe adzandifunse za green card.

Sabata yomaliza tinapachika mapositala athu m'holo, aliyense ataima pambali pa yake ngati wogulitsa kaunjika. Ndinatumiza chithunzi kwa amayi pa WhatsApp, iwo n'kuimba pompo.

"Nanga ndege yakoyo ikwera anthu angati?"

"Palibe, amayi. Phiko lake n'lofanana ndi chikhatho chanu."

Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati ufa uja ananditumizira udakalipo.