Magetsi athu amadutsa pansi pa mlatho wa pa Boma

Magetsi akazima ambirife timangotukwana basi, kenako kusaka machesi, koma ndi ochepa amene amaganizako zoti nkhani yonseyi imayambira kwathu konkuno ku Mangochi. Nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, ndiye Shire yemweyu amene timaoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi tikamapita ku Namwera kapena ku Malindi. Madziwo amalowa mu Malombe, kukafika pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde pamene pali mageti otsegula ndi kutseka madzi, kenako amatsetsereka kukapukusa makina opanga magetsi a EGENCO pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Onse atatuwo mtsinje umodzi, mondondozana. Kulinso ka Wovwe ku Karonga koma ndi ma megawati 4.5 okha, sikangayatse ngakhale Blantyre yokha.

Ndiye mukamva azungu akukamba zoti dziko lisiye malasha ndi mafuta liyambe magetsi a madzi, dzuwa ndi mphepo, ifeyo tinafika kalekale, Nkula inayamba kupukusa magetsi mu 1966. Vuto lathu ndi lakuti zonse tinazimangirira pa mtsinje umodzi ndipo mtsinjewo uli ndi zochita zake. Mu 2016 ndi 2017 nyanja inatsika, magetsi kumazima tsiku lonse lathunthu mpaka boma kuchita kubwereka majenereta a dizilo a Aggreko mu 2018, okwera mtengo koopsa. Mu January 2022 kunabwera namondwe wa Ana, madzi kuchuluka mpaka kugumula damu la Kapichira, ma megawati pafupifupi 130 kuchoka usiku umodzi ndipo anabwereranso mu 2023. Madzi akachepa mdima, akachuluka mdimanso, nyengo ya dzinja namasupuni ndi zinyalala ndi matope ochokera m'mapiri amene tinameta mitengo kuotcha makala zimakatseka makina. Ndipo chimene chimandiopsa ine kwambiri ndi mbiri yoti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1930 nyanja inatsika mpaka Shire kusiya kutuluka, kunali mchenga ndi bango pakhomo pakepa. Nthawi imeneyo kunalibe wodandaula za filiji. Zitachitika lero bwanji?

Mu 2024 tinaona mbali inayo, nyanja inadzadza mpaka kulowa m'malojii ndi m'nyumba za m'mbali mwa nyanja, anthu kuno kumakuwa kuti tsegulani mageti ku Liwonde madzi apite. Koma ukatsegula kwambiri ndiye kuti wamiza anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje komanso waika makina aja pachiswe, ukasunganso madzi ndiye kuti a Mangochi tikusambira m'chipinda chogona. Ine sindikhumbira ntchito ya munthu amene amagamula za mageti amenewo, ayi ndithu.

Tsopano za sola. Ine ndimaikonda, dzuwa la kuno mu October limachita kuwawa pamutu ndiye bola lizigwirako ntchito. Ku Salima kuli munda wa sola wa ma megawati 60 umene unayamba mu 2021, ku Golomoti kuli wa 20, ku Nkhotakota wa 21, ndipo masana zimathandizadi. Koma dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, nthawi yomweyo imene aliyense wafika pakhomo wayatsa mababu, TV, fani, wina hotipuleti, ndiye pamene tikuwafunitsitsa magetsi solayo wagona. Komanso kamtambo kakangodutsa pamwamba pa mapanelo ma megawati angapo amatsika mwadzidzidzi, ndipo kwa dziko lopanga magetsi ochepa ngati lathuli kutsika kotero kumamveka pa mawaya onse.

Apa ndipamene pali nkhani imene anthu sitiimvetsa. Magetsi a m'mawaya sasungika, amene akupangidwa sekondi ino akuyenera kufanana ndi amene tikugwiritsa ntchito sekondi yomweyino, ndipo makina onse amayenda pa liwiro limodzi la 50 Hz, ndiko kuti magetsiwo amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse. Ogwiritsa ntchito magetsi akachuluka liwiro limatsika, likatsika kwambiri makina amadzizimitsa okha kuti asapse, amodzi akazima otsalawo amalemedwa nawonso n'kuzima, mphindi isanathe dziko lonse bii. Makina a pa Nkula ndi zitsulo zolemera matani, ali ngati chigayo chimene ukachizimitsa chimapitirizabe kuzungulira kaye pang'ono, ndiye kulemera kumeneko kumapereka kampata koti zinthu zikhazikike. Sola alibe chozungulira, ndi mapanelo ndi ma invita, makina osintha magetsi a sola kuti alowe m'mawaya, basi, n'chifukwa chake pa Golomoti anaikapo mabatire a ma megawati 5, ndipo kwa ine mabatire amenewo ndi nkhani yaikulu kuposa mapanelowo.

Musaganize kuti ndi za ife osauka tokha. Pa 28 April 2025 Spain ndi Portugal anazima onse masana dzuwa likuswa mtengo, masitima kuima, anthu kutsekeredwa m'zikepe za m'nyumba zosanja, makadi a banki osagwira. Ena anathamangira kunena kuti ndi sola, koma lipoti la boma la Spain linaloza kwambiri ku voteji, mphamvu yokankha magetsi m'mawaya, imene inakwera popanda makina okwanira oigwira. Chimene ndinaonapo ine n'choti podzuka anathandizidwa ndi magetsi ochokera ku France ndi Morocco. Ife kwa zaka zonsezi takhala patokha opanda waya wamphamvu wotilumikiza ndi anzathu, n'chifukwa chake laini yaikulu ya magetsi ya 400 kV yochokera ku Matambo ku Tete m'dziko la Mozambique kudzafika pa Phombeya ku Balaka siyofunika kuiona ngati nkhani ya mainjiniya okha.

Anthu amati aMalawi tinazolowera mdima, inde kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi nyumba pafupifupi 11 pa 100 zokha zimene zimaunikira magetsi a ESCOM. Koma pitani pa chigayo tsiku loti azima kuyambira m'mawa, mupeza matumba ndi mabeseni afoletsedwa pamzere eni ake atakhala pansi pa mtengo wa mango, mayi wina wachokera kutali walipira kabaza ndipo kunyumba ufa watheratu, ameneyo kwawo kulibe ngakhale babu imodzi koma kuzimako kwamugoneka ndi njala. Wogulitsa chambo ayezi akasowa amayamba kutsitsa mtengo yekha usanamunenerere n'komwe, "bwana tengani zonsezi" uku akuthamangitsa ntchentche. Tsiku lachiwiri mipopi imayamba kutulutsa mpweya chifukwa mapampu amadaliranso magetsi omwewo, netiweki imayamba kuvuta, wa Airtel Money ndi Mpamba akuti bwerani mawa, wowotcherera zitsulo ndi wometa angokhala kusewera bawo.

Amene ali ndi ndalama akugula sola ndi batire zawozawo, ndipo sindiwada, nanenso ndalama itapezeka mawa ndigula. Kungoti kapanelo ka padenga kamatchaja foni ndi kuyatsa TV, sikangayendetse chigayo kapena pampu ya tauni yonse. Damu latsopano la Mpatamanga likubwera ndi ma megawati oposa 350, zabwino kwambiri, koma nalonso ndi la pa Shire yemweyu.